Amisiri Otiliritsa Mumdima

Ntchito yopeka nyimbo za m'mafilimu inayamba ndi munthu wokhala kunsi kwa chinsalu, piyano patsogolo pake, khosi litapindikira kumwamba. Mafilimu a m'zaka za m'ma 1910 ndi 1920 analibe mawu, choncho holo iliyonse yoonetsera kanema, ku America ngakhale ku Ulaya, inkalemba woimba wakewake. Maholo akuluakulu a ku New York anali ndi gulu lathunthu la oimba zida, pamene a m'timatauni ankadalira piyano imodzi kapena limba. Woimbayo nthawi zina ankaiona filimuyo koyamba limodzi ndi anthu olipira pakhomo. Mnyamata akagwira dzanja la mtsikana, zala zimayenera kupeza chikondi nthawi yomweyo. Mtsikanayo akagona pa bedi lodwalira, zala zomwezo zipeze chisoni.

Osindikiza mabuku anaona msika. Mu 1913 kunatuluka buku la J. S. Zamecnik la tinyimbo tifupitifupi togwirizana ndi zochitika zosiyanasiyana. Mu 1924 Erno Rapée anatulutsa lake lalikulu, Motion Picture Moods, limene linali ndi mndandanda wa mitu m'mphepete mwa tsamba lililonse kuti woimba asavutike kufunafuna mumdima: chikondi tsamba lakuti, maliro tsamba lakuti, moto, nkhondo, kuthamangitsana. Panalinso nyimbo ina ya mu 1893, Hearts and Flowers ya Theodore Moses-Tobani, imene inaimbidwa pa imfa zambiri za pa kanema mpaka inasukuluka, anthu nkuyamba kuiseka. Ngakhale kumene ankajambula mafilimuwo kunkakhala woimba vayolini ndi kalimba konyamula, ntchito yawo kuthandiza mtengambali kuti misozi ituluke kamera ikuzungulira.

M'mabuku amenewo chikondi chinali pa tsamba lake, chisoni pa tsamba lake. Kwa ine, mbiri yonse ya luso limeneli ndi ya mmene amisiri anadzaphunzirira kuti masamba awiriwo ndi limodzi. Ndimaimba kiyibodi kutchalitchi, Loweruka pa ukwati, pakati pa sabata pa maliro, ndipo chimene ndachiona kambirimbiri ndi ichi: pa maliro anthu amatha kulimba mtima nyimbo zonse zachisoni zikuimbidwa, koma kwaya ikangoyamba nyimbo imene malemu ankaikonda, kaya ndi yovina imene ankatsogolera pa zikondwerero, nyumba ya siwa imasweka ndi kulira. Sikuti nyimboyo ndi yachisoni. Imapweteka chifukwa ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo palibe. Wopeka nyimbo za filimu yachikondi amakhala ndi maola awiri okha kuti apatse anthu awiri chuni chawochawo, atizoloweretse, kenako atibwezere pamene mmodzi wachoka.

Mafilimu olankhula atafika ndi The Jazz Singer mu 1927, oimba masauzande a m'maholo aja ntchito inawathera m'zaka zochepa chabe. Charlie Chaplin anakana kaye kulankhula. Mu City Lights ya mu 1931 anatenga La Violetera ya José Padilla wa ku Spain nkuimangirira pa mtsikana wosaona wogulitsa maluwa, moti akaonekera iye, chunicho chili pomwepo. Padilla anamutengera kukhoti chifukwa sanamutchule dzina, ndipo anapambana mlandu. Koma mabwana ambiri a ku Hollywood panthawiyo ankaopa nyimbo. Ankati anthu adzafunsa kuti oimbawo ali pati, poti awiriwa ali okha m'nkhalango. Max Steiner ankafotokoza kuti nthawi zina ankachita kuika woimba vayolini woyendayenda m'chithunzimo, pongofuna kuti pakhale chifukwa chomvekera nyimbo.

Steiner yemweyo ndi amene anathetsa manthawo. Anabadwira ku Vienna mu 1888, m'banja la eni malo a zisudzo, anafika ku America mu 1914, ndipo mu 1929 anapita ku Hollywood kukagwira ntchito ku kampani ya RKO. Anabwera ndi nzeru ya m'zisudzo zoimba za Richard Wagner, yakuti munthu aliyense wa m'nkhani, ngakhale ganizo lenilenilo, akhale ndi kachuni kake kamene kazisintha maonekedwe nkhani ikamapita. Anaiyesa mu Symphony of Six Million mu 1932, naikhazikitsa mu King Kong mu 1933. Ntchito yake inali ya masamu ngati ya telala. Filimu ikadulidwa, ankalandira mapepala osonyeza masekondi a chochitika chilichonse, ndipo pojambula, oimba ankatsatira kugogoda kwa m'makutu kuti noti igwe ndendende pamene chitseko chatsekedwa kapena diso laphethira. Anapeka nyimbo za mafilimu oposa 300 asanamwalire mu 1971.

Chodabwitsa nchakuti filimu yachikondi imene amakumbukiridwa nayo kwambiri inamangidwa pa nyimbo imene iye sankaifuna. Casablanca ya mu 1942 inachokera pa sewero la Murray Burnett ndi Joan Alison, ndipo m'sewerolo munali kale As Time Goes By, imene Herman Hupfeld anapeka mu 1931, nkuiwalika. Steiner ataitanidwa filimu itatha kujambulidwa, anati nyimboyo ndi yopepuka, alemba yake. Koma kuti zitheke panafunika kujambulanso mbali zimene Ingrid Bergman akuitchula dzina, ndipo Bergman anali atameta kale tsitsi pokonzekera filimu ina, For Whom the Bell Tolls. Steiner anangoyenera kukhala nayo.

Zimene anachita nayo ndi sukulu payokha. Poyamba timaimva mmene ilili, Sam akuimba pa piyano mu bala ya Rick atapemphedwa ndi Ilsa (Bergman), mkazi amene Rick anakondana naye kale. Dooley Wilson, amene anasewera Sam, anali woimba ng'oma, ndipo zala zake pa piyanopo zinkangoyerekeza. Rick akubwera mokwiya kudzaletsa nyimbo imene analamula kuti isamvekenso m'nyumba mwake, maso ake nkugwera pa mkaziyo. Pamenepo piyano ileka, gulu lonse la oimba ligunda kamodzi molemera, ndipo chuni chomwe chija chibwerera pang'onopang'ono, chitada. Nkhani ikabwerera m'mbuyo ku Paris, chunicho chimamasuka pa mavayolini, chowala, cha anthu amene sakudziwa chimene chikubwera. Pa siteshoni ya sitima mvula ikugwa, inki ikusungunuka pa kalata yotsanzika, manotsi ndi omwewo koma pansi pake pasintha. Ife a kwaya tinganene kuti nyimbo yachoka pa do yakakhala pa la. Pofika pa bwalo la ndege kumapeto, womvera wachimva kale chunicho m'maonekedwe ochuluka moti manotsi ochepa oyambirira akwanira. Munthu amene ankainyoza nyimboyo ndiye anaionetsa kuya kwake, ndipo ine ndimakhulupirira kuti kusaikondako kunamuthandiza, chifukwa sanaope kuidula, kuipinda ndi kuisiya yosamaliza. Filimuyo itatchuka, bungwe la oimba ku America linali litanyanyala kujambula zimbale, choncho kampani inangotulutsanso mbale yakale ya Rudy Vallée ya mu 1931, nkugulidwa kwambiri mu 1943.

Patapita zaka ziwiri, ku kampani ya 20th Century Fox, mkangano wonga womwewo unatha mosiyana. Otto Preminger ankafuna kuti filimu yake, Laura, iyende pa Sophisticated Lady ya Duke Ellington. David Raksin, mnyamata wa ku Philadelphia amene anathandizapo Chaplin pa Modern Times mu 1936, anakana. Nkhani ya Laura ndi ya wapolisi wofufuza za kuphedwa kwa mkazi, amene akuyamba kumukonda mkaziyo pongoyang'ana chithunzi chake chapakhoma ndi kuwerenga makalata ake. Raksin ankaona kuti nyimbo ya Ellington imuweruziratu mkaziyo anthu asanamudziwe. Preminger anamupatsa mpaka Lolemba kuti abwere ndi china choposa. Malinga ndi mmene Raksin ankafotokozera mpaka kukalamba kwake, analimbana nazo osaphula kanthu, kufikira Lamlungu usiku pamene anatsegula kalata yochokera kwa mkazi wake, nkupeza kuti ndi yothetsa banja. Anaiika pa piyano, ndipo chuni chinabwera.

Nkhani zotere ndimazimva mosamala, chifukwa zimapangitsa anthu kuganiza kuti kusweka mtima ndiko kumapeka nyimbo, pamene anthu osweka mtima ndi ambirimbiri koma Laura ndi imodzi. Raksin anali ataphunzira ntchito yake zaka zambiri usiku umenewo usanafike. Komabe mukakhala pa kiyibodi nkuchitsatira chunicho, mumamva kanthu koona. Sichiyambira kwawo. Chimayamba chili kale panjira, chitsika sitepe imodzi, chioneke ngati chapeza pokhala, chitsikenso, ndipo do wake mumamupeza mochedwa kwambiri. Ndi nyimbo ya munthu wofuna chinthu chimene sangachigwire. M'filimumo chimamveka paliponse, pa galamafoni ya m'nyumba ya Laura, m'malo odyera, m'mutu mwa wapolisiyo. Anthu analembera makalata kampaniyo kufunsa za nyimboyo, Johnny Mercer anaikamo mawu mu 1945, ndipo oimba jazi aijambula maulendo mazanamazana.

Koma ngati pali filimu imodzi imene ndingapatse wachinyamata wofuna kuphunzira luso limeneli, si ya ku Hollywood. Ndi Les Parapluies de Cherbourg, ya Jacques Demy ndi wopeka nyimbo Michel Legrand, imene inatuluka ku France mu 1964 nkupata mphoto yaikulu ya ku Cannes chaka chomwecho. M'filimu imeneyi mulibe liwu ndi limodzi lomwe lolankhulidwa. Zonse zimaimbidwa: makaniko kufunsa kasitomala za mafuta, mayi kudandaula za ngongole ya msonkho, wapositi kupereka moni. Demy anakulira ku Nantes, bambo ake anali ndi galaji, ndipo ankadziwa kuti anthu wamba amakondana pakati pa girisi ndi malisiti. Legrand, wobadwa mu 1932, anaphunzira kwa Nadia Boulanger ku Paris koma mtima wake unalinso pa jazi. Awiriwa anavutika kupeza wowapatsa ndalama mpaka mayi wina, Mag Bodard, anavomera kusenza ntchitoyo. Kagwiridwe kake kanali kotembenuza zonse zimene Steiner ankachita. Nyimbo zinajambulidwa kaye, kamera isanayatsidwe, ndipo atengambali anaphunzira kuyendetsa milomo ndi mapazi motsatira tepi. Mawu amene timamva pakamwa pa Catherine Deneuve ndi a Danielle Licari, ndipo a Nino Castelnuovo ndi a José Bartel.

Nkhani yake ndi ya m'makwalala, yoti aliyense waionapo. Novembala 1957, m'tauni ya padoko ya Cherbourg. Geneviève (Deneuve) amathandiza mayi ake m'sitolo yogulitsa maambulera, chibwenzi chake Guy (Castelnuovo) ndi makaniko. Kalata ibwera yoitana Guy ku nkhondo ya ku Algeria kwa zaka ziwiri. Chuni chachikulu cha filimuyi timakhala titachimva kale pachiyambi penipeni, chofatsa, mvula ikugwera maambulera oonedwa kuchokera kumwamba, tisanadziwe kuti nchayani. Chimadzapeza eni ake usiku umene Guy akuulula za kalatayo, ndipo pa siteshoni, sitima ikunyamuka, kamera ikuchoka nayo limodzi, mtsikanayo akucheperachepera pa pulatifomu, Legrand amamasula zida zonse. Iye mwini ankanena kuti iye ndi Demy ankalemberatu pa mapepala awo malo amene anthu adzatulutse mpango woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ena zimawakhumudwitsa kumva kuti misozi yawo inawerengedweratu. Ine sizindikhumudwitsa. Mmisiri amene amadziwa pamene denga lidzalemere si wachinyengo.

Chimene chimandigwira ndi zimene zimatsatira. Geneviève ali ndi pakati, makalata ochokera ku Algeria akubwera patalipatali, mayi ake akumukankhira kwa Roland Cassard, wamalonda a miyala yamtengo wapatali, munthu wabwino ndithu amene akulolera kulera mwana wa mnzake. Mtsikana amene ankati sangakhale moyo popanda Guy adabwa kuona kuti nkhope yake yayamba kufufutika m'maganizo mwake, ndipo akwatiwa. Guy abwera mu 1959 akutsimphina, apeza sitolo yatsekedwa, azakhali ake amene anamulera amwalira, ndipo akwatira Madeleine amene ankawasamalira. M'chigawo chonsechi chuni chija chimangodutsa mwa apo ndi apo. Kenako Disembala 1963, chipale chofewa chikugwa, galimoto yapamwamba iima pa malo omwetsera mafuta a Esso, amene mwini wake ndi Guy. Woyendetsa ndi Geneviève, ndipo m'galimotomo muli mwana wawo wamkazi, Françoise. Alowa mu ofesi kuthawa kuzizira. Zimene akukambirana ndi zazing'ono: imfa ya mayi ake, mtundu wa mafuta oti athire, ngati akufuna kumuona mwanayo. Guy apukusa mutu. Palibe akulira, palibe akukalipa. Galimoto ichoka, Madeleine afika ndi mwana wawo wamwamuna, François, ndipo Guy ayamba kusewera naye panja. Apa mpamene chuni cha pa siteshoni chija chimabwerera ndi mphamvu zake zonse, ndi kwaya pamwamba.

Taganizani chimene Legrand wachita pamenepa. Pa chinsalu pali bambo wokondwa ndi banja lake. Palibe wamwalira, palibe woipa, aliyense wapeza moyo wabwino ndithu. Nyimbo yokha ndiyo yatsala ikukumbukira lonjezo limene eni ake analisiya. Ikanakhala yatsopano, yopekedwera chisoni cha mphindi imeneyo, ikananama, chifukwa anthuwo sakumva chisoni chotero. Koma poti ndi yakale ija, ikunena zoona, ndipo wolira ndi ife.

Zitatha izi, chuni chachikondi chinasanduka katundu wa pamsika. Maurice Jarre anagulitsa zimbale zosawerengeka ndi nyimbo ya Lara mu Doctor Zhivago ya mu 1965. Francis Lai, woimba akodiyoni wa ku Nice, anapata Oscar ndi Love Story ya mu 1970, mmene filimu imayamba ndi mwamuna ali yekha mkazi atamwalira kale, moti piyano ija timaidziwa ngati ya maliro tisanaimve ngati ya chibwenzi. Makampani anaphunzira kuti chunicho chikaikidwa mawu nkupatsidwa woimba wotchuka, wailesi iitsatsa filimuyo ulere.

Ambiri a ife kuno tinakumana ndi luso limeneli kudzera mu Titanic ya mu 1997, pa mabenchi a m'nyumba zoonetsera vidiyo, sipika ili panja kuitana anthu, kenako pa wailesi ndi m'maukwati, mawu a Celine Dion ali ponseponse. James Cameron sankafuna nyimbo ya mawu m'filimu yake. Wopeka nyimbo za filimuyo, James Horner, anapeka imodzi mobisa ndi Will Jennings, anajambula ndi Dion, nkudikira tsiku limene Cameron anali wosangalala kuti amumvetsere. Nyimboyo imabwera filimu itatha, maina akuyenda. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi maola atatu a m'mbuyo mwake, mmene chunicho chakhala chikutilowa popanda mawu, pa chitoliro cha ku Ireland ndi pa liwu la Sissel Kyrkjebø wa ku Norway. Mbali imene ndimaikonda koposa ndi pamene Jack akujambula Rose, piyano yokha basi. Horner anaiimba yekha ngati chongoyeserera, Cameron anaiika pa chithunzicho, ndipo anakana kuti ijambulidwenso ndi gulu. Zimandipweteka ndikamaonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene afala masiku ano, womasulira akamatsitsa phokoso lonse kuti alankhule pamalo otere. Nthabwala zake zimakoma, ndipo wathandiza ambiri kutsatira nkhani, koma pamenepo amakhala wadula chimene chinanyamula nkhaniyo.

Amene sanachitepo manyazi ndi njira imeneyi ndi a ku India. Filimu yawo yoyamba yolankhula, Alam Ara ya mu 1931, inali kale ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri, ndipo kuyambira pa Dhoop Chhaon ya mu 1935, yojambulidwa ku Calcutta, anakhazikitsa mwambo woti woimba ajambule kaye, mtengambali azingotsatira ndi milomo, zaka pafupifupi 30 Demy asanachite zomwezo. Kumeneko kunali chizolowezi kuti nyimbo imodzi ikhale pawiri pa kaseti, yachimwemwe ndi yachisoni, zolembedwa poyera pa chikuto. Yoyamba amavina m'mapiri, yachiwiri imabwera mochedwetsa, ng'oma zitachotsedwa, wina ali kuchipatala kapena akukwatiwa ndi munthu wina. Kal Ho Naa Ho ya mu 2003 inachita zomwezo.

Mu 2004 Yash Chopra anapita patali kuposa apo. Veer-Zaara ndi nkhani ya msilikali woyendetsa ndege wa ku India ndi mkazi wa ku Pakistan, olekanitsidwa zaka 22, mwamunayo ali m'ndende ku Lahore osatchula dzina lake lenileni poteteza ulemu wa mkaziyo. Chopra ankafuna nyimbo zomveka ngati za nthawi yakale, ndipo opeka a masiku amenewo sanamukhutiritse. Sanjeev Kohli, amene ankagwira ntchito pa kampani yake, anali mwana wa Madan Mohan, mmodzi mwa opeka olemekezeka a ku Bombay, amene anamwalira mu 1975. Bambo akewo anasiya matepi a machuni amene sanagwiritsidwepo ntchito, ena akungong'ung'udza yekha ndi kalimba kopopa ndi dzanja. Kohli anakhala pansi kumvetsera mawu a bambo ake, nasankha, nawaveka zida zatsopano. Javed Akhtar analemba mawu, ndipo Lata Mangeshkar, amene ankaimbira Madan Mohan ali moyo ndipo ankamutenga ngati mlongo wake, anabwera kudzaimbanso machuni ake ali ndi zaka za m'ma 70. Tere Liye, imene anaimba ndi Roop Kumar Rathod, imamveka m'khoti pamene awiriwo akuonana koyamba tsitsi litachita imvi, kamera ikuwaonetsa mosinthanasinthana, okalamba ndi achinyamata. Pa chikuto cha chimbale analembapo dzina la Madan Mohan ngati wopeka, ndipo chaka chotsatira mphoto ya IIFA ya wopeka nyimbo wopambana inapita kwa iye, patatha zaka 30 chimwalirireni.